Za M'thumba la Jekete

M'chaka cha 1979, Kulthum anali atangotha miyezi itatu ku Mtendere, komboni ya kutsidya kwa malire, chichokereni kwawo ku Liwonde. Mwamuna wake Hatibu, telala wa pakhonde, anamuphunzitsa lamulo limodzi: chovala chikabwera, pisa m'matumba, chimene wapeza uike m'mbale pafupi ndi makina, mwini adzachione yekha. Mlendo m'dziko la eni sachedwa kutchedwa wakuba.

Lachisanu masana, Hatibu ali ku mzikiti, Kulthum anapisa m'jekete yong'ambika mkono imene anasiya bambo wina, dzina lake Kasoma. Anapezamo tizitsulo tinayi tachikasu, tosongoka kumutu. Kwawo mfuti ankangoionera patali, paphewa pa msilikali. Anatiika m'mbale pamodzi ndi mabatani.

Exildah, mayi wa nyumba yoyandikana, anafika ndi beseni la zitumbuwa. Atasuzumira m'mbalemo anagwira pakamwa.

"Ba Kulthum, mufuna kutipayisa? Ivi ni vipolopolo!"

Kulthum anafunsa kuti, "Ndiye tikanene kupolisi?"

"Na mapepala yanu ya ku Malawi? Bazayambila imwe. Uyo Kasoma bazamutulusa mawa, ndiye azabwela pano. Bisani, iwe!"

Koma Kasoma anali atafika kale pa mpanda, nsapato zili phuliphuli. Exildah ananyamula beseni lake nkuchoka, osatsazika.

Bamboyo anapereka moni mwaulemu. Anayang'ana m'mbale, kenaka anayang'ana Kulthum nthawi yaitali. Anatola tizitsuloto kamodzikamodzi, osafulumira.

"Muli na mutima wabwino, amai. Ba telala bali kuti?"

"Ku mzikiti."

"Chisanu chilichonse? Mumasala mweka?"

Kulthum anagwedeza mutu kuvomera kuti amatsala yekha. Analeredwa kuti wamkulu akafunsa umayankha. Anazindikira chimene waulula bamboyo akumwetulira kale.

"Jekete isale. Nizabwela kutenga," anatero Kasoma, nkumapita.

Hatibu atabwera anamvetsera zonse chiimirire, kofia ili m'manja. Sanakalipe, poti lamulolo linali lake. Anakhala pa makina nkusoka mkono uja, koma mzere unakhota kawiri. Atamaliza anapita nayo jeketeyo kwa Exildah kuti adzampatse mwini wake. Exildah anayankhira mkati, chitseko chili chitsekere.

"Ine nili na bana, ba Hatibu."

Hatibu anabwerera nayo, naikoleka pa msomali wa pakhonde, poonekera kumsewu. Kenaka anatenga sipanala nkuyamba kumasula makina pa thebulo.

"Tikupita kuti?" anafunsa Kulthum.

"Ku Kanyama, kwa amalume a Shehe."

"Kuja munati mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba? Nanga makasitomala anu a zaka zisanu ndi ziwiri?"

"Manga ziwiya, mkazi wanga. Basi ya ku tauni isatisiye."

Kulthum analowa m'nyumba. Ankakulunga mapoto m'chitenje mwakachetechete kuti asagundane, khutu lili kumpanda.