Buku la Angelo la kwa Zundel

Mlongo wanga Zundel sanali munthu woipa. Ndiyambe ndi pamenepo, chifukwa mukamva zonse mudzamuyesa chilombo. Anali wamantha basi. Ndipo munthu amene amagona pamwamba pa migolo ya parafini ndi phula, mantha ake musawaseke kwambiri.

Buku la angelo lija analilandira kwa malemu bambo athu. Linkakhala pamwamba pa kabati, lokulungidwa m'nsalu yobiriwira, lomangidwa ndi chingwe, ndipo palibe amene ankalitsegula. Bambo ankati mawu ake mngelo anapatsa munthu woyamba atangothamangitsidwa m'munda muja, kenako anadutsa m'manja mwa Nowa ndi Solomo mpaka osindikiza a ku Amsterdam anawaika papepala. A rabi athu, mtsogoleri wa kusunagoge kwathu, akamva za bukuli ankakwinya nkhope, amati mayina a angelo si nsomba yamchere yoti aliyense alaweko. Koma kunyumba kwawo analinso ndi lawo, ndinaliona ndi maso angawa.

Ntchito zake tonse tinkazidziwa. Nyumba imene lilimo siipsa. Ndiponso mayi akavutika pobereka, mumaliika pansi pa pilo, chiwanda chija chodana ndi makanda sichiyandikira. Ine Bashe ndine mzamba wa tauni yathu, ndiye ndinkalibwereka kwa Zundel nthawi ndi nthawi, iye osadandaula.

Zinasintha chaka cha moto. Moto unayambira kwa wopha ng'ombe, n'kunyambita msewu wonse mpaka kunyumba yosambira, ndipo unakathera pampanda wa Zundel penipeni, parafini yense uja ali m'kati. Eee, anthu anayankhula! Ngakhale alimi achikhristu, patsiku la msika, ankavula zipewa pakhomo pake n'kumapempha kuti awajambulire zizindikiro za m'bukumo akakhome pankhokwe zawo. Mlongo wanga anayamba kuyenda mimba patsogolo. Kusunagoge anamusunthira kumpando wa kukhoma la kum'mawa, kumene kumakhala akuluakulu. Nanenso, ndisaname, ndinkamva kukoma pomuona ali pamenepo.

Ndiye Lachisanu lina matenda anamuyamba Hinde, mkazi wa Kalman woyendetsa ngolo. Nyumba yawo inapsa nawo moto uja, ankakhala m'shedi kuseri kwa nyumba yosambira. Mwana anagona mopingasa m'mimba. Dzuwa litapendeka, mtsikanayo milomo inali itayamba kuyera.

"Kalman, wangoti chilili ngati hatchi yako bwanji?" ndinamukalipira. "Thamangira kwa mlongo wanga, ukanene kuti Bashe akufuna buku. Dzuwa likalowa Sabata yayamba, isakupeze panjira!"

Anabwera ali wefuwefu, thukuta ndi misozi zitasakanikirana, atakumbatira nsalu yobiriwira ija pachifuwa.

"Andipatsa, mayi Bashe! Ndi manja awo, pamaso pa anthu onse m'sitolo. Munthu uja Mulungu amudalitse!"

Ndinailowetsa pansi pa pilo, n'kupinda manja a malaya. Zimene ndinachita ndi manja angawa si zokambira amuna. Pamene amuna ankatuluka kusunagoge, mwana analira, wamwamuna, ndipo mayi wake anali moyo.

Lamlungu m'mawa ndinanyamula mtolo uja kukabweza. Zundel anali pansi kusitolo, mkazi wake, mlamu wanga Frume, anali kukhitchini, ndiye ndinangokoka mpando n'kukwerapo ndekha. Pamwamba pa kabati ndinapeza buku lili phee pamalo pake, lopanda nsalu, litayamba kutola fumbi.

Ndinatsika, n'kumasula chingwe. M'nsalumo munali thabwa la Frume lodulirapo anyezi.

Ndinatsikira kusitolo thabwalo lili m'manja. Mwamwayi munalibe wogula. Ndinalimenyetsa pamgolo.

"Iwe Zundel, mngelo uti analemba ili?"

Nkhope yake inagwa. "Achemwali, tsitsani mawu."

"Nditsitse mawu? Mwana wa eni ake amafa, iwe n'kumutumizira nkhuni!"

"Tamverani kaye. Waya uja mwaiwala?"

Sindinaiwale. Waya wozungulira tauni, umene umatilola kunyamula zinthu panja pa Sabata, mitengo yake inapsa ndi moto uja, ndipo akuluakulu anali akukanganabe za amene aikonze.

"Kupita nalo kunali kotheka," anatero, "koma kubwera nalo? Dzuwa likalowa, ndani akanalinyamula mumsewu? Likanagona kumeneko mpaka Loweruka madzulo. Kuno makandulo akuyaka, uvuni uli ndi moto wa mphika wa Sabata, ine pa Sabata wosaloledwa n'kuzimitsa moto komwe. Pansi pano parafini, pamwamba ana anga. Inu mukanatani?"

"Ukanakana, chitsiru iwe! Ukanati sindipereka. Ndikanatuma munthu kwa a rabi."

"Ndikane pamaso pa anthu? Kalman akulira chogwada?" Anapukuta pamphumi. "Komanso nanga si wachira? Mwana ali bwino, mayi ali bwino. Walakwiridwa ndani?"

Ndinafuna kumuwaza khofi ngati kale tili ana, koma chitseko chinatseguka. Anali Kalman, atavala jekete lobwereka, chipewa chili m'manja. Thabwa lija ndinalikankhira kuseri kwa mgolo ndi phazi. Nkhaniyi inkakhudza dzina la bambo athu, ndipo sindikanalola kuti lisekedwe pamsika.

"A Zundel," anatero Kalman, "ine ndilibe choti ndingakupatseni. Koma ine ndi mkazi wanga tagwirizana. Patsiku la mdulidwe, mwana mudzamunyamule ndinu pamiyendo."

Kwathu ulemu woposa umenewo kulibe. Umapita kwa agogo a mwana, kapena kwa a rabi.

"Ayi, ayi, Kalman, ine sindiyenera," anatero mlongo wanga, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ananena zoona.

"Onani kudzichepetsa kwake!" Kalman anatembenukira kwa ine maso akuwala. "Hinde wanenetsa, akuti akakana a Zundel, ndiye palibenso wina."

Masiku otsatirawo anali ovuta. Ndikapita kukamusambitsa Hinde, ndinkayang'ana beseni, osati nkhope yake. Kumsika azimayi ankandigwira dzanja, amati banja lanu ndi lodalitsika, buku lanu lapulumutsanso anthu awiri. Wina woyembekezera anandinong'oneza kuti ndimusungire malo. Ndinkangoti zikomo, khutu likutentha. Frume nayenso anasiya kutuluka, ati mutu ukumupweteka.

Tsiku la mdulidwe shedi ija inadzaza mpaka ena anaima panja. Anabwera ndi mpando wabwino wochokera kusunagoge, n'kuuika pakati pa zingwe za hatchi ndi matumba a udzu. Patebulo panali nandolo wowiritsa wothira tsabola, nsomba yamchere ndi kabotolo ka mowa woyera. Ife azimayi tinali kuseri kwa nsalu yotchinga, pabedi la Hinde. Nsaluyo inali ndi bowo, ndipo Hinde anandipempha kuti ndimudzutse pang'ono aziona.

Zundel anakhala pampando paja atafunda nsalu yake yopempherera, nkhope ili mbuu ngati ufa. Anamuika mwana pamiyendo. Mawondo ake ankagundana moti wochita mdulidwe anachita kumuuza, "A Zundel, gwirani bwino, si mgolo uwu." Amuna anaseka. Kalman anaseka kuposa onse.

Azimayi ena atathamangira kukasuzumira kutsogolo, Hinde anandikoka malaya.

"Mayi Bashe, mwasiya kundiyang'ana kumaso bwanji?"

"Ndatopa chabe, mwana wanga."

"Musavutike." Anayankhula motsitsa, maso ali pabowo paja. "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Mutu wanga unali pomwepo. Ululu ukabwera ndinkakanikiza nkhope papilo, n'kumamva anyezi. Ndinalowetsa chala m'nsalumo, ndinakhudza mizere ya mpeni."

Kalanga ine! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ine mzamba wa tauni yonse, wokalipira aliyense, ndinasowa poika maso pamaso pa kamtsikana kamene ndinakatulutsa ndekha m'mimba mwa mayi wake.

"Bwanji sunanene? Ndikanatuma munthu kwina."

"Ndinene Kalman ali pakhomo akuyamika Mulungu? Munamuona mmene anabwerera. Chipsereni nyumba, aka kanali koyamba kubwera ndi chinthu m'manja." Anandiyang'ana. "Koma ndinaopa, mayi. Ndinadziwa kuti pansi pa mutu wanga palibe mngelo aliyense. Ndinali ndekha, ndi inu basi."

Mwana analira kutsogolo kuja, amuna anakweza mawu a dalitso. Ine misozi inali ikungotsika, osati yachimwemwe ayi.

"Kalman asadziwe," anatero Hinde. "Ngakhale a Zundel musawauze kuti ndikudziwa."

"Nanga ulemu wonsewu wamupatsiranji, mwana iwe? Ukanaitana a rabi."

Maso ake anabwerera pabowo paja. Ankayang'ana mlongo wanga, amene anali atawerama pa khanda lija, osatha kudzutsa mutu ngakhale anthu ankamugwira paphewa.

"Ndinafuna amunyamule," anatero. "Amve kulemera kwake."