Njira Yachidule ya Nuala

Nuala Devenney anazindikira kuti walakwitsa ataona kuti mzere wa m'mphepete mwa msewu, umene kwawo ku Donegal, m'dziko la Ireland, umakhala wachikasu, wasanduka woyera. Anali atalowa kale ku Northern Ireland, m'manja mwa boma la Britain. Malire akumeneko alibe mpanda kapena geti, munthu umangolowa ngati ukupita kuseri kwa nyumba.

Payekha analibe chomuopsa. Nzika ya Ireland imadutsa, kugona ndi kugwira ntchito kumeneko popanda woifunsa, ndipo njira yachiduleyi anaizolowera ali mtsikana, moti manja anangokhotetsa okha chiwongolero. Nkhani inali pa Rodel, mwamuna wake wa ku Philippines, amene ankawodzera pambali pake. Ku Ireland mapepala ake anali bwinobwino, koma kuno pankafunika viza, ndipo analibe. N'chifukwa chake popita kwa achibale ku Monaghan, monga lero, ankazungulira ku Sligo, kutali konseko.

"Rodel, tadzuka. Ndaphonya njira."

Rodel anayang'ana chikwangwani, kenako mkazi wake. "Iwe Nuala, wandipha."

"Ndikhota pompano."

Nanga akhotere pati? Uku ndi uku kunali mipanda ya minga, kumbuyo lole ya mkaka. Kutsogolo apolisi ankaimitsa galimoto imodziimodzi. Mantha anamugwira Nuala, naponda buleki.

"Usalankhule," ananong'ona. "Ungokhala ngati wagona."

"Nkhope yanga yachilendoyi igonenso?" anafunsa Rodel.

Wapolisi amene anawaimitsa anali bambo wachikulire, wansangala zake. Analandira laisensi ya Nuala uku akuseka. "Anthu a ku Donegal inu, mvula yonseyi mwabwera nayo ndinu eti?"

Nuala anasekako. Bwenzi zitathera pomwepo, koma mayi wina woona za olowa m'dziko anagogoda pawindo la Rodel.

"Bambowa ndi ndani?"

"Amuna anga," anayankha Nuala. "Tinakwatitsa kutchalitchi, banja lonse linalipo..."

"Sindinafunse za tchalitchi. Bambo, tatsikani ndi mapepala anu."

Rodel anamasula lamba wa pampando. Anatsika osacheuka, mayi uja namutengera kugalimoto yopanda mawindo imene inaima pambali pa msewu.

"Ine ndine nzika!" anakuwa Nuala, misozi ili chuchuchu. "Ndili ndi ufulu wanga kuno!"

"Muli nawodi, mayi," anatero wapolisi uja mofatsa, akumubwezera laisensi. "Inuyo palibe wakuletsani. Pitani, mukutsekereza anzanu."