Mtsuko Wopanda Khosi

"Musaukhudze, atsibweni," anatero Olinda ataima pakhomo la chisakasa chomwe amayi ake ankaumbiramo mbiya.

A Benedito, mlongo wa malemu, anali atavundukula kale chiguduli chonyowa. Pansi pake panali mtsuko waukulu wofika m'mawondo, mimba yokha, wopanda phewa, wopanda khosi. A Teodora, amayi a Olinda, anausiya choncho m'mawa wa tsiku lomwe mtima wawo unaima. Chiikire maliro, Olinda ankazemba pagulu la amayi olira kudzawaza madzi pachigudulicho kuti dongo lisaume.

"Mwana wanga, sindinayambitse ndine zimenezi," anatero a Benedito, mawu atasasa ndi kulira. "Mwambo wa pakhomo pano ukuudziwa. Ntchito ya m'manja ikakhala yatha, ndi chiwiya, ikhale. Koma yosatha imaitana mwini wake kuti adzamalize. Tikameta mawa, dongoli libwerera kudambo komwe linachokera."

"Mawa lomweli?"

"Mawa m'mawa. Ufa watha, mvula yayandikira, anthu akufuna minda yawo."

"Ndiye ndiumaliza lero."

A Benedito anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkupukusa mutu. Munthu wake wakuti amalize mtsuko tsiku limodzi ndi ameneyu? Olinda anabwerera kwa makolo ake chaka chatha, chifuwa chachikulu chitamudya mpaka chitenje kumazungulira kawiri m'chiuno. Makomprimidu, mapilitsi a kuchipatala cha ku Mualadzi, ankamwabe. Kupita kuchitsime kokha ankapumira panjira. Ndipo mtsukowu unali wake. Amayi ake anamuuza pouyamba kuti, "Ndiukulitsa dala. Tsiku lomwe wadzuka ndi mphamvu uzitunga, madzi akusunge masiku omwe thupi lakana."

A Semu, bambo a Olinda, anamva zonsezi ali pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amuna ena. Mkamwini anganene chiyani pa maliro a eni mbumba? Zaka zonsezi alima pano, akalambira pano, koma pa nkhani ngati iyi anali mlendo.

Olinda anagwada, nkuyamba kukanda dongo lomwe linatsala m'phale. Kuumba anaphunzira ali mtsikana, amayi ake akadali ndi mphamvu zogwira kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Koma chiyambire kutupa miyendo ndi kubanika, a Teodora anasintha. Ankangoika mizere yowerengeka ya dongo kukadali kozizira, kusalaza ndi chitsononkho, kuvundikira, basi, nkukagona pamphasa. Amayi a m'mudzi ankawaseka. "Mbiya imodzi mwezi wathunthu, kodi mukumanga tchalitchi?" Iwo ankangoseka nawo, osadzuka pamphasapo.

Lero panalibe za mphasa. Olinda ankapota dongo m'manja ngati chingwe, kulizunguliza pamlomo wa mtsuko, kukanikiza ndi chala chachikulu, kutenganso lina. M'kati mwa mimba yakaleyo munali timaenje ta zala za amayi ake, ndipo dzanja likagwera m'menemo, misozi inkangotsika yokha. Sanaipukute, manja anali matope.

Dzuwa lili paliwombo, anabwera a Crimilda, mng'ono wa malemu, ndi chikho cha thobwa.

"Imwa kaye, iwe. Taona milomo yako yayera."

"Ikani pamenepo, amayi aang'ono."

"Ukufuna tikumbenso manda ena sabata lomweli? Dongo latsopanoli lisanagwire sungasanjikepo lina, ukudziwa bwino."

Ankadziwadi. Kuno ku Chifunde konse palibe mwana wa woumba yemwe sadziwa kuti mzere wa pansi umayenera kulimba kaye usananyamule unzake. Koma kudziwa kunamuthandiza chiyani, lumo lometera litanoledwa kale?

Hélio, mlongo wake, amene amapakira katundu m'makamiyau, zimagalimoto zikuluzikulu zija, ku Cassacatiza, anaima pakhomo akupotokola chipewa.

"Mana, ndithandize chiyani?"

"Choka, ukunditchingira kuwala."

Anachokadi, nkupita kwa atsibweni ake. Olinda anamumva akuchonderera kuti kumeta kusunthe pang'ono, iye aitanitsa thumba la ufa pa njinga. Anamvanso yankho lake. Achibale a ku Nsadzo ananyamuka kale wapansi, uthenga unapita, sizingatheke kuwabweza. A Benedito sanakalipe. Anayankhula ngati munthu yemwe nayenso wamangidwa manja, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawawa kwambiri.

Chifuwa chinamugwira Olinda dzuwa litapendeka. Anatsokomola mpaka kugwira pansi ndi chigongono, maso kuchita mdima. Atapeza mpweya anapitiriza. Phewa linayamba kupindikira m'kati, lokongola ndithu, lofanana ndi la amayi ake. Mtima unamuuza kuti ima pomwepa. Manja sanamve. Anaika mzere wa khosi, nkuikanso wina pamwamba pake.

Poyamba mbali imodzi inangofwamphuka pang'ono. Analowetsa dzanja kuti achirikize, mbali inayo nkutsika. Kenaka phewa lonse linakhala pansi, phwa! Kulemera kwake kunang'amba mimba yakale ija kuyambira pamwamba mpaka patsinde, timaenje ta zala tija nkugawikana pakati.

"Mayo ine!" anakuwa a Crimilda, manja kumutu.

Olinda sanalire. Anangokhala chogwada, manja ali m'mwamba, dongo likudontha m'zigongono. Anthu anabwera, anaona, anabwerera mmodzimmodzi. Panalibenso choti nkumaliza. A Benedito anakatenga dengu kunkhokwe, nkuima nalo panja, akuchita manyazi kulowa.

Amene analowa ndi a Semu. Anabwera pang'onopang'ono, beseni la madzi lili m'manja, nkugwada patsogolo pa mwana wawo, mawondo akulira. Anagwira dzanja lake lamanja, nkulimiza m'madzi, nkuyamba kutsuka chala chimodzichimodzi.

"Ndisamba ndekha, ababa."

"Amako nawonso ankatero," anatero a Semu, osakweza maso. "Iwe unkakhala uli chigonere m'nyumba, sunkaona. Pa mbiya zawo zonse anandipatsa ntchito imodzi yokha. Anati, 'Abambo a Olinda, mthunzi ukachoka pakhomo la chisakasa, mubwere ndi madzi mundisambitse m'manja, ngakhale ndikukalipireni. Ndikati ndisiya ndekha, ndinama.' Ndipo ankandikalipiradi. Tsiku ndi tsiku."

Anachotsa dongo m'zikhadabo ndi kamtengo, mosamala ngati akuzula minga.

"Lero madziwa ndinatunga nthawi yake," anapitiriza. "Beseni ndinaliika kuseri kwa mango. Ndinaopa anthu, mwana wanga. Ndinaopa kuti ati mkamwini akulowerera."

Apo mpamene Olinda analira, kulira kwenikweni, kotulutsa mawu. A Benedito analowa chowerama nkuyamba kuolera dongo m'dengu. Olinda anafuna kutambasula dzanja kuti atengeko kachidutswa, koma a Semu sanamutaye. Anapukuta manja onse awiri ndi malaya awo, nkuwagwira pamodzi pachifuwa pawo, mpaka dengu linatuluka.