Masamba Pamsewu wa ku Mavwere

Loweruka ndinathamanga theka la marathoni, ndipo Lamulungu ndinabwerera kudzathamanga yathunthu. Miyendo inadzuka ili gwa ngati zikuni. Triza, mnzanga amene amandiphunzitsa kuthamanga, anandichenjeza kuti, "Iwe, usayerekeze kuima. Ukangoima, miyendo imeneyo sidzukanso."

Ndinamvera, moti madzi ndinkamwa ndikuthamanga, ambiri n'kumathera pachifuwa.

Nditalowa msewu wafumbi wa ku Mavwere, ndinaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Panali maliro. Azibambo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, maso onse ali pa ine ndi kakabudula kanga. Pamaliro munthu sadutsa chothamanga, ngakhale wanjinga amatsika.

Ndinayamba kuyenda, manja kumbuyo, ndikumva minofu ikuuma pang'onopang'ono. Nditadutsa masamba a mbali inayo ndinayesa kunyamuka, koma miyendo inakana.

Mayi wina wosenza nkhuni za pamaliropo anaima.

"Mwatilemekeza, asisi. Tsopano thamangani."

"Ikukana, mayi."

Anatula nkhunizo, namanga chitenje, n'kuyamba kundikankha kumsana ngati minibasi yakufa batire. Titafika pakamtsetse, miyendo inavomera.