Dzanja la pa Machila

Mwezi wachitatu chigwereni pansi ali ndi sowo m'manja, Che Fakihi anali atayamba kuyenda, koma kudya ndiye ayi. Mbali ya kumanja inali itafa. Mwendo unabwerera pang'ono, pakamwa panawongoka, koma dzanja linkangolendewera ngati nsanza.

Zainabo, mkazi wawo, anawatengerapo ku chipatala cha Vila Cabral. Anadikira kuseri, kumene anthu akuda ankadikirira, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Enfermeiro, namwino wa pamenepo, anangoti, "Adye ndi lamanzere, vuto nchiyani?"

Vuto nchiyani! Munthu wa Chisilamu, mmisiri wa matabwa amene anakhoma zitseko za mzikiti, adye ndi dzanja lotawasira kuchimbudzi? Che Fakihi anakana. Kudyetsedwa ngati khanda anakananso. Ankangomwa phala m'chikho atachigwira ndi nsalu, nthiti nkumawerengeka, pamene chisanu cha Juni chinali pakhomo.

Tsiku lina masana Zainabo anaika mbale ya nyemba ndi mbatatesi pa mkeka, mtima utamuwira.

"Bambo a Nordino, mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha ulemu wa dzanja?"

"Chotsa," anatero pang'onopang'ono. "Ine si galu."

"Galu amadya. Inu mwaposa galu kupusa."

Pa zaka makumi awiri za ukwati anali asanawayankhulepo chotere. Iwo anamuyang'ana, iye osaphethira. Kenaka Zainabo anatenga sipuni, nayipanikiza m'zala zakufazo, namanga ndi mpango wake wakumutu.

"Ili ndi lamanja kapena ayi?"

"Silidzuka."

"Nanga mzungu wa boma, chefe wa posto, munkamunyamula pa machila muli mnyamata uja, ankadzuka? Sankafika kumene akupita?"

Che Fakihi anayang'ana dzanja lomangidwalo. Kenaka dzanja lamanzere linapita lokha, linagwira linzake pamkono, nkulikweza. Sipuni inanjenjemera, nyemba zonse kukhutukira pa mkanjo wawo wa kanzu. Kachiwiri inagunda chibwano. Nkhuku zinayamba kusonkhana.

"Onyamula anu ndi aulesi," anatero Zainabo. "Akadakhala a boma akadalawa palmatória, thabwa lomenyera m'manja lija."

Kachitatu nyemba zinayi zinalowa m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali pansi, kenaka mapewa anayamba kugwedezeka. Zainabo anayesa akulira. Ankaseka, kuseka kokhota kwa mbali imodzi.

"Bisimila ndayiwala," anatero.

"Yambaninso. Mbale ikadali yodzaza."

Anadya theka, theka linalo nkhuku zinathokoza. Atatha anayang'anitsitsa sipuni ija mmene ankayang'anira chitseko chopanga mmisiri wina.

"Mpini wafupika. Ndiponso uyenera kupindika chonchi. Kanditengere kachidutswa ka mlombwa ndi tupa."

"Mugwira ndi chiyani?"

"Iwe ugwira thabwa, ine ndipala." Anakweza lamanzere lija. "Ili kudya silidya, koma ntchito silinaletsedwe."

Zainabo anapita kukafuna tupa, mutu uli pamtunda, mpango atausiya pamene unali.