Madzi Obwera Dzuwa Likuswa Mtengo

A Zakariya anakana kusamuka. Anakana ali khale pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, akusoka ukonde umene unasiya kalekale kulowa m'madzi.

Uthenga unabwera ndi mayi Modesta, oyandikana nawo nyumba, amene ali m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Anati anzawo akumapiri aimba foni kuti kumeneko mvula ikukhuthuka chiyambire dzulo, ndipo madzi adutsa pachizindikiro chofiira cha pamlatho. Onse okhala kufupi ndi mtsinje apite kusukulu ya kumtunda kwa msewu wa tala, dambo la panjira lisanadzaze.

A Zakariya anayang'ana kumwamba. Kunali mbee, dzuwa likuswa mtengo. Munthu uyu anakalambira panyanja. Mwera ankaudziwa usanafike, mpoto ankaumva m'mafupa. Masiku amenewo chambo chinkadzaza bwato mpaka wopalasa kusowa poponda, sitima yapamtunda inkaima pa Golomoti amayi n'kumagulitsa nsomba zootcha pawindo, ndipo za nyengo anthu ankafunsa kwa Zakariya, osati kwa kachitsulo kam'thumba.

"Mayi Modesta, foni yanuyo ili ndi zaka zingati? Mphuno yangayi inayamba kulosera mvula inu musanamere mano."

"Mphuno yanu imaloza kunyanja, Che Zakariya. Madzi awa akubwera chakumsana kwanu."

Akuluwo anangoseka n'kupitiriza kusoka.

Vuto linali pakhonde. Pamenepo panakhala akazi awo, a Mwanjuma, amene mwendo wawo wakumanzere unafooka ndi sitiroko. Kuyenda kwawo kunali kochoka pabedi kufika pakhonde, basi. Mayi Modesta anawauza kuti ngolo ya a Mathias ikututa okalamba ndi odwala, ndipo malo alipo. A Mwanjuma anapukusa mutu. Anati iwo anabwera pakhomopo atakwezedwa pakaliyala wa njinga ya mwamuna ameneyu, akadali mtsikana wonyada wa ku Chipoka, ndipo sachokapo pokhapokha mwini njingayo atanyamuka.

Mudzi unayamba kutha. Anthu ankadutsa atasenza matumba a mpunga wa ku Bwanje, ana akukusa mbuzi, wina atamangirira nkhuku pahandulo ya njinga. Ngolo inapita, inabwera, inapitanso. A Zakariya ankapatsa moni aliyense ndi kumufunsa ngati watenga ambulera yodzitchinjirizira dzuwa.

Mayi Modesta atabweranso sanakangane nawo. Anangowapempha kuti, poti iwo ndiwo katswiri wa madzi, awaperekeze padooko akawaonere mtsinje. Kutamidwa kumadzutsa ndi waulesi yemwe. A Zakariya anatsogola.

Padooko anapeza mwala umene amayi amachapirapo utamira. Madzi anali ofiira ngati dothi lakumapiri, akuyenda mwakachetechete koma mothamanga. Kenaka panadutsa mutu wa kabichi. Panadutsanso wina, kenaka mitsitsi ya mbatata ya kachewere, kenaka chipika cha paini chikugudubuzika.

A Zakariya anazitsata ndi maso zonsezi. Kabichi wotere salimidwa kuno kotentha. Paini samera ku Mtakataka. Minda ya anthu akumtunda inali kudutsa pamaso pawo, ndipo madzi amene anazula mindayo anali akadali m'njira.

"Ngolo ija ili kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

Mayi Modesta anaimbira a Mathias, amene anayankha kuti ulendo uwu ndi womaliza chifukwa dambo layamba kale kulowa madzi. Panalibenso nthawi yotolera katundu. Mayi Modesta anauza a Zakariya ndi akazi awo kuti atenge zofunika zokha: mankhwala a a Mwanjuma, buku lakuchipatala, zitupa ndi chofunda. Ufa, mbuzi ziwiri ndi ukonde uja zinatsala.

Padambo madzi anafika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Ng'ombe zinaima, gudumu linatitimira m'matope. A Mathias anakoka kutsogolo, mayi Modesta ndi a Zakariya akukankha kumbuyo. A Mwanjuma anagwiritsa matabwa a ngolo, milomo ikuyenda ndi pemphero la dua. Pamene gudumu linazuka, a Zakariya anagwa chafufumimba, n'kudzuka kofia itapita ndi madzi.

"Kale munkandikweza bwino kuposa apa," anatero a Mwanjuma atafika pouma.

"Kale munali wopepuka."

Kusukulu anapeza zinthu zili m'malo mwake. Amayi ndi ana anali m'makalasi awo, abambo m'makalasi ena. A Mwanjuma anapatsidwa malo pafupi ndi chitseko kuti kuchimbudzi kusawatalikire. Mlangizi wa zaumoyo ankathira kolorini m'madzi akumwa ndi kukumbutsa aliyense kusamba m'manja, poti pamene pachuluka anthu kolera sachedwa. Kalasi ina inasiyidwa kuti Asilamu aziswaliramo, Akhristu nawo azipempheramo nthawi yawo ikakwana. Atagawa masikito, a Zakariya anatambasula awo n'kuyeza maso ake ndi chala, mwa chizolowezi.

"Agogo, amenewo ndi a udzudzu, si a usipa," anatero mlangiziyo. Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Madzi analowa m'mudzi tsiku lomwelo, kopanda ndi dontho limodzi logwa kuchokera kumwamba. Ataphwa, anthu anakapeza nyumba ya a Zakariya itagwa khoma lakuchipinda, lili pamwamba pa bedi la a Mwanjuma. A Zakariya anaima pamenepo akuyang'ana bedilo. Munthu wosasowa chonena uja anangoti, "Alihamdulillah," kuyamika Mulungu, n'kubwerera kusukulu kukakhala pafupi ndi akazi awo.

A kukhonsolo ya boma anabwera ndi ufa, nyemba, mabulangete ndi mapepala apulasitiki ofolerera. A komiti anafotokoza poyera kuti thandizoli ndi laulere, limayambira kwa okalamba, odwala ndi amayi oyembekezera, ndipo wina akapempha ndalama kapena china chilichonse kuti akupatseni, mukamunene. Amene anasamuka msanga anabwerera ndi mbuzi zawo ndi mbewu zawo. A Zakariya anayambira pa chimene analandira, ndipo nyumba yatsopano anamanga pamalo okwera amene mudzi unawapatsa.

Masiku ano a komiti akamayendera midzi mvula isanayambe, amawatenga a Zakariya kuti akalankhule. Nkhaniyi amaikometsa ndithu, madzi a m'chiuno aja anafika kale m'khosi. Koma akafika kumapeto, nthabwala zimatha.

"Ine ndinadikira kuti ndione ndi maso anga," amatero. "Kudikira kumeneko kukanandidyera mkazi. Inu musadikire."

Madzi osefukira sayembekeza kuti mvula igwe pamudzi panu. Mukamva chenjezo la komiti, nyamukani nthawi yomweyo kupita kumalo okwera amene anakonzedwa. Yambani ndi okalamba, odwala ndi ana, tengani mankhwala ndi zitupa. Khoma limamangidwanso, koma munthu sabwerera.