Belu la M'chipinda cha Bambo

Sutikesi inali isanatsike m'galimoto pamene Mzime anazindikira kuti pakhomo pa mayi ake aliyense akulankhula monong'ona. Achimwene ake, munthu amene akaseka agalu a aneba ankauwa, anam'patsa moni ngati ali m'wodi ya kuchipatala. Alamu ake, akazi a achimwenewo, anamulanda ndodo yoyendera n'kumugwira m'khwapa. Mayi ake anamuyang'ana kuyambira kumapazi, kenako anati, "Wafika, mwana wanga. Bedi lako takonza kale."

Nthawi inali isanakwane ndi 10 koloko yomwe m'mawa.

Mzime anali mphunzitsi wa masamu wa zaka 38, koma pakhomopo palibe ankamutchula dzina lina, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Panali patapita zaka zitatu chimupezereni ndi matenda a MS, amene amawononga mitsempha ya m'ubongo ndi yamumsana. Masiku ena mwendo wakumanzere unkakhala ngati wobwereka, masiku ena ankakwera masitepe a kufulati kwake osapumira. Matendawo anawazolowera ngati mmene mkazi amazolowerera mwamuna wovuta, ndipo ankadziwa chimene amadana nacho: kutentha. Thupi likangotentha miyendo inkafa, maso n'kumaona zinthu ziwiriziwiri. Kwake ankasamba madzi ozizira, fani osazima.

Matchuthi awiri apitawo anakhala yekha, nyumba zonse zoyandikana ndi yake zili zokiya, akumva mpopi ukudontha kubafa. Ulendo uno anatopa nako kukhala chete, ndipo mayi ake atadandaula pafoni anavomera kubwera milungu iwiri. Walira mvula walira matope.

Sanapite naye kuchipinda chake chakale. Anamutengera kumapeto kwa kolido, m'chipinda mmene bambo ake anagona zaka zinayi atachita sitiroko, mpaka kumwalira. Palibe chimene chinali chitasuntha. Bedi lachitsulo lija linali pomwepo, makatani okhuthala, nsanza zotseka mipata ya mawindo, ndi belu laling'ono lamkuwa litapachikidwa kumutu kwa bedi. Matiresi anali olowa pakati, mmene munkagona malemuwo. Atamugoneka, thupi lake linatsetserekera m'menemo n'kukwana bwinobwino.

Banja limeneli linali ndi chinthu chimodzi chodzitama nacho: linkadziwa kudwazika. Zaka zinayi bambo ali gone, sanatulukepo chilonda ngakhale chimodzi, moti anthu ankabwera kudzafunsa nzeru. Malamulo a mayi anali odziwika. Wodwala asawombedwe ndi mphepo. Asambe madzi otentha kawiri patsiku. Kumapazi kukhale botolo la madzi otentha, pamwamba mabulangete atatu. Pakatha maola awiri atembenuzidwe, ndipo womutembenuzayo achonge pakhoma ndi pensulo.

Mzime anafotokoza kuti matenda ake ndi ena, kuti kwa iye kutentha ndi poizoni. Anafotokoza bwinobwino ngati ali m'kalasi. Mayi ake anamvetsera akumufunditsa bulangete lachitatu.

"Bambo akonso ankatero," anatero. "Wodwala sadziwa chimene akufuna."

Achimwene anawonjezera kuti mawu a akulu amakoma akagonera, ndiponso kuti masamu athere kusukulu, kuno ahedi ndi amayi. Anaseka okha, koma motsitsa mawu.

Tsiku lachiwiri miyendo inalemera. Lachitatu inakaniratu, ndipo maso anayamba kuona ziwiriziwiri, moti mayi ake akaima pakhomo pa chipindacho ankawaona ngati awiri, onse atanyamula beseni lofuka nthunzi. Iwo ataona kuti akufooka anawonjezera bulangete. Foni yake anaisunga kubalaza kuti isamamusokoneze, ndipo ndodo ija sinaonekenso.

Choopsa kwambiri chinali masana. Kunja dzuwa likuswa mtengo, m'chipindamo munali mdima wachikasu, wonunkha mafuta opaka amene bambo ake ankanunkha. M'kolido anthu ankadutsa monyang'ama. Ankawamva akumukamba. Achimwene ankauza munthu wina pafoni kuti Mzime anali wanzeru kwambiri, anali wokonda ana. Alamu anafunsa ngati firiji yakufulati ija ingakwane kukhitchini. Mzime anayesa kukuwa kuti ndili moyo, koma lilime nalo linali litalemera, mawu anangothera m'bulangete.

Pa tsiku lachinayi atamutembenuzira kukhoma, anatsinzina diso limodzi kuti aone bwino. Khoma lonse linali timizere ta pensulo, masauzande, kuchokera m'mwamba mpaka pansi, tina titazilala. Kamzere komaliza ka bambo ake ankakadziwa, pakuti anachonga ndi iyeyo. Koma pambali pake panali mzere watsopano, wolembedwa ndi rula, pamwamba pake pali deti la tsiku limene iye anafika. Timizere take tinali tochepa. Mzerewo unatsika mpaka pasimenti, ndipo pambali pake anali atajambuliratu ina itatu yopanda kanthu.

Mantha anamugwira, mantha enieni, oposa a tsiku limene dokotala anamuuza dzina la matenda ake.

Kenako belu linalira. Iye sanaligwire. Atayang'ana anapeza kuti ali m'tulo, munthu wina anamumanga chingwe cha belulo padzanja, ngati mmene ankachitira ndi bambo, ndipo dzanjalo linkanjenjemera lokha. Chitseko chinatseguka nthawi yomweyo. Mayi ake analowa ndi kapu yakale yokhala ndi kamlomo, nkhope ili ngwee, akuyenda mopepuka ngati mtsikana. Chimwalirireni bambo, Mzime anali asanawaonepo akusangalala chonchi.

"Mwaitana, abambo?" anatero mayi, ndipo sanazindikire n'komwe chimene anena.

Chakumasana achimwene anabwera ndi pepala. Inali kalata yopita kwa ahedi, yonena kuti Mzime wasiya ntchito chifukwa cha matenda. M'dzanja lina anali ndi kiyi wa kufulati kwake, amene anamutenga m'chikwama. Anati lole apangana nayo kale, mawa m'mawa ikatenga katundu yense, nyumbayo ibwezedwe kwa eni ake. Analankhula mwachifundo, misozi ili m'maso. Cholembera chinagwa kawiri m'zala za Mzime, ndipo iwo anati palibe vuto, asaina mawa lole isananyamuke.

Itakwana 3 koloko alamu analowa okha ndi beseni la madzi otentha. Anali mayi wosalankhulalankhula, wa manja okhakhala. Mzime anasonkhanitsa mawu ake pang'onopang'ono.

"Alamu, zofunda za bambo ankachapa ndani?"

"Ineyo."

"Zaka zinayi."

"Ndi miyezi iwiri."

"Ine ndili ndi zaka 38. Matenda angawa sapha msanga. Ndikhoza kugona pabedi pano zaka makumi atatu. Amayi akalamba, achimwene sadziwa ndi pokhala sopo pomwe. Tayang'anani khomalo."

Alamu anayang'ana mizere yopanda kanthu ija nthawi yaitali. Kenako anafunsa chimene akufuna. Mzime anati madzi ozizira, ayisi yense amene ali m'firiji, ndi windo.

Anachita zonsezi mwakachetechete, ngati akuba. Nsanza za m'mawindo zinatuluka ndi fumbi la zaka zambiri, mphepo n'kulowa. Mabulangete anagwera pansi. Alamu anamumasula chingwe chija, anamuviika mapazi m'beseni, namukulunga thaulo lonyowa m'khosi ndi kumsana. Thaulo likafunda ankaliviikanso. Patapita ola limodzi belu lomwe linkaoneka ngati awiri linabwerera kukhala limodzi, ndipo chala chachikulu chakuphazi chinagwedezeka.

Sikuti anachira. Matendawa sachira, ndipo mwendo wakumanzere unali wobwerekabe. Koma anaimirira. Anakana kugwiridwa, nayenda chogwira khoma, kolido yonse, phazi limodzi likukwekwereza pansi.

Mayi ndi achimwene anali patebulo kubalaza, akulemba ndandanda ya amene azitembenuza wodwala mwezi wamawa. Atamva kukwekwereza kuja anasiya kulemba. Umu ndi mmene bambo ankayendera asanagoneretu. Mzime atatulukira pakhomo, tsitsi lili nyankhalala, madzi akudontha m'diresi, palibe anasangalala. Anamuyang'ana ngati aona mzukwa.

Anafika patebulo, natenga kiyi wake, n'kumuika m'thumba. Kalata ija anaipinda pakati n'kuibwezera kwa achimwene, nawauza kuti aimbire wa lole uja asavutike. Anapempha foni ndi ndodo yake. Ndodoyo inapezeka pamwamba pa kabati ya mbale.

Mayi anayamba kulira, osati mokweza. Anafunsa kuti alakwa chiyani, iwo amene anasamala munthu zaka zinayi osatuluka chilonda.

"Kwa bambo simunalakwe chilichonse," anatero Mzime. "Koma ine sindine bambo, amayi. Ndine mlendo wa tchuthi, ndipo mlendo ndi mame."

Anawamvera chisoni mpaka mumtima munapweteka, komabe kiyi uja sanamutulutse m'thumba.

Masiku otsalawo anagona m'chipinda chake chakale, windo lili pululu. Ankadya patebulo ndi abale ake. Achimwene anayambanso kuseka mokweza, ndipo agalu a aneba anayambanso kuuwa. Mayi okha ndiwo anabwerera mwakale. Mapewa anagwa, ndipo masana ankangokhala, manja ali pamiyendo, osowa chogwira. Kawiri konse Mzime anawapeza ataima pakhomo pa chipinda chija, ketulo ili m'manja.

Tsiku lonyamuka, Mzime analowa m'chipindamo yekha. Bedi linali loyalidwa bwino, mabulangete atatu, ndipo pakati pa matiresi polowa paja panali botolo la madzi, likadali lofunda. Timizere ta pakhoma tinali titawonjezeka, ngakhale kuti panalibe amene anagonamo. Anamasula belu lija n'kuliponya m'chikwama chake, poganiza kuti likachoka, mayi ake apumula.

Anatsanzikana pageti dzuwa lili pamutu. Alamu anamufinya dzanja. Mayi anamukumbatira, namuuza kuti azifunda. Pamene Mzime ankakweza chikwama kuti alowe m'galimoto, belu linalira m'katimo, kamodzi kokha.

Mayi anamusiya pomwepo. Anatembenukira kunyumba, nkhope itawalanso, nayamba kuyenda mofulumira.

"Ndikubwera," anayankha, akulowa m'kolido.

Mzime anapisa dzanja m'chikwama, nagwira kachitsulo ka m'kati mwa belulo kuti kasagundenso. Achimwene analiza galimoto. Kachitsulo kaja sanakataye mpaka anakafika kwake.